Getsi la Pakhonde pa a Nangozo

Patatha masiku anayi chiikire Augustine m'manda, getsi la pakhonde pa mayi ake linaphethira katatu.

A Nangozo, amene anaphunzitsa ana a ku Mua zaka makumi atatu asanapume, sanali munthu wotengeka ndi zamkutu. Poyamba anati ndi mawaya. Koma mawaya sadziwa kuwerenga, ndipo sadziwa nthawi. Getsilo linathima n'kuyaka katatu konse eyiti koloko itangokwana, ndendende mmene linkachitira mwana wawo ali moyo.

Nkhani ya getsili inayamba zaka zitatu m'mbuyomo. Augustine ankayendetsa galimoto zikuluzikulu ku Joni, ndipo Khirisimasi ina anabwera ndi kabokosi koyera, kofanana ndi sopo wochapira, kokhala ndi kanyanga kamodzi. Anaitana a Mabvuto, okonza magetsi a pa Golomoti, ndipo awiriwo anaswera pamakwerero. Kabokosiko anakakhomera pabalaza pambali pa chithunzi cha Mtima Woyera, n'kukalumikiza ku rauta ya intaneti ndi ku batire la sola. Kenako anayamba kukadziwitsa zinthu za m'nyumbamo chimodzichimodzi. A Mabvuto ankadina swichi, Augustine n'kudina pafoni, kabokosi n'kulira kuti tii, basi zadziwana. Getsi la pabalaza, la kukhitchini, la pakhonde, ngakhale pampu ya pachitsime, zonse zinayamba kumvera kabokosiko popanda chingwe.

"Kamalankhula nazo mumphepo ngati wailesi, amayi," anatero Augustine. "Tsiku lililonse eyiti koloko ndizikuphethiritsirani la pakhondeli katatu, kutanthauza kuti ndaswera bwino. Inu mukadina swichi yanu kamodzi, ndiziona pafoni kuti nanunso muli bwino."

A Nangozo anatsonya, amvekere ana a masiku ano ulesi wawakulira, ndi moni yemwe akufuna awaperekere makina. Komatu kuyambira pamenepo eyiti koloko sinkawapezanso kwa anansi. Aliyense wa mumphakati mwawo wa kutchalitchi anamva mpaka kutopa kuti mwana wa a Nangozo sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku loika kabokosilo panali munthu wina amene sanalowe m'nyumba. Rahema, mkazi wa Augustine, mwana wa asodzi achisilamu a ku Mtakataka, anaswera m'galimoto pansi pa mtengo wa mango. A Nangozo sanamulandirepo ngati mpongozi, poti ukwatiwo sunadutse kutchalitchi. Pamaliro zinali chimodzimodzi. Rahema anaperekeza mtembo masiku atatu pamsewu kuchokera ku Joni, koma atafika pasiwa a Nangozo analamula kuti akhale panja ndi anthu odzapepesa, ndipo tsiku lometa sanamuitane. Iye anangosiya chikwama cha mwamuna wake pakhomo n'kubwerera. M'chikwamamo munali foni ya Augustine, yosweka galasi pangozi imene inamupha, yosayakanso. A Nangozo anaikulunga mumpango n'kuiika mudirowa kumutu kwa bedi.

Ndiye getsi litaphethira usiku umenewo, anapita kukatsegula dirowayo. Foni inali momwemo, yozizira ngati mwala.

Usiku wotsatira magetsi a dera lonselo anali atathima, nyumba yawo yokha ndiyo inkawala. Kunja kunali mdima wa ndiwe yani. Achule ankalira kudambo, ndipo kutali pamsewu waukulu lole imodzi inkabuula pokwera mlatho. A Nangozo anakhala pampando, korona m'manja, maso ali pa kadontho kobiriwira ka pakabokosi kaja. Eyiti itakwana kabokosi kanati tii, ndipo khonde linada n'kuwala katatu.

Dzanja linapita lokha paswichi. Anadina kamodzi monga mwa chizolowezi, n'kuima chilili. Panadutsa kanthawi kokwanira kunena Tikuoneni Mariya mmodzi. Kenako getsi linathimanso, n'kukhala chithimire nthawi yaitali, n'kuyaka. Zimenezi linali lisanachitepo n'kale lomwe.

"Augustine?" ananong'ona.

Anawayankha ndi achule.

Pamudzi palibe chinsinsi, makamaka chowala. Pofika usiku wachinayi anthu ankaima patali mumsewu kudikira kuti aone ndi maso awo. Pamjigo ena ankati mzimu wa mnyamatayo wakwiya. Ena, amene pakamwa pawo sipanapsepo, ankati mphunzitsi uja anakhwimira mwana wake, ndipo wamutsekera m'kabokosi kuti azimuyatsira magetsi. Amayi a mumphakati amene ankabwera kudzapempherera womwalirayo anayamba kudwala mutu mmodzimmodzi. Ana anasiya kudzatola mango.

A Chimango, mng'ono wawo wa a Nangozo, anabwera masana dzuwa lili paliwombo, ndipo ngakhale choncho analankhula monong'ona, akuyang'anayang'ana kukhoma.

"Achemwali, chotsani chinthuchi. Anyamata ayamba kukamba zodzagenda nyumba ino."

"Ndamva."

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Ndikachotsa, mwana wanga azindipezera pati?"

Ankadziwa kuti mawu amenewa si achikhristu. Ankadziwanso kuti ankaopa getsilo, komabe tsiku lonse ankangokhalira eyiti koloko. Chisoni chinali chitawapanga munthu wokonda chinthu chomuopsa.

Usiku wachisanu ndi chimodzi, getsi litangomaliza kuphethira, mwala unagwa pamalata kuti gwengwelele, kenako wina, kenako wina unaswa zenera la kukhitchini. M'mawa kutacha a Nangozo anatumiza uthenga ku Golomoti.

A Mabvuto anafika cha m'ma thuu koloko, atanena kale kuti dzuwa lisawalowere pamenepo. Asanazule chilichonse analumikiza foni yawo ku kabokosiko, chifukwa mmisiri amayamba wafunsa makina asanawaweruze. Anayendetsa chala pagalasi kwa nthawi, nkhope ikusintha.

"Amayi, kabokosi aka kamalemba zonse, nthawi ndi amene wadina. Mafoni amene tinakadziwitsa tsiku lija ndi awiri."

"Awiri bwanji?"

"Augustine anapita kugalimoto kukatenga ya alamu, akazi ake aja. Anati iye amayenda malo opanda netiweki, pafunika wina wothandiza." A Mabvuto analoza pagalasi. "Foni ya Augustine inayatsa getsi ili komaliza mu Febuluwale, patangotha miyezi iwiri chiikire. Kuchokera pamenepo mpaka dzulo, ndi ya alamuyi."

A Nangozo anakhala pansi. Anapempha kuti a Mabvuto aimbe nambalayo, ndipo inaitana kanayi isanayankhidwe. Mawu a Rahema anamveka otsika, ngati a munthu amene wakhala masiku osalankhula.

"Ndi amayi ake a Augustine," anatero a Nangozo. "Getsi lija ndi iwe?"

"Pepani, amayi. Sindinafune kukuopsezani."

"Zaka zonsezi?"

"Iwo ankakukondani, musaganize zina. Koma ankafika otopa, nthawi zina eyiti inkawapeza pachipata cha dziko. Ine ndinkadziwa kuti mwakhala pampando mukudikira, ndiye ndinkangodina. Atamwalira ndinayesa kusiya. Koma eyiti ikakwana manja ankasowa chogwira. Mutadina usiku uja ndinalira mpaka m'mawa. Mwa anthu onse amene ankamudziwa Augustine, ndinu nokha amene mumandiyankha, ngakhale ndinkadziwa kuti simukuyankha ine."

A Mabvuto, posadziwa kuti ena amafunika kukhala chete, anafuula chapatali kuti dzulo nyumba yagendedwa.

"Mayo ine," anatero Rahema. "Ndakuikani m'mavuto. Sindidzachitanso, amayi. Mundikhululukire."

Foni inaduka a Nangozo asanapeze liwu limodzi. Anaimbanso kawiri, koma inangoitana.

"Ndizule?" anafunsa a Mabvuto.

"Kasiyeni. Foni yakeyo ikadali yolumikizika?"

"Eya. Mukadina aziona, ngati angayang'ane."

Pakamwa pa a Mabvuto panafikitsa nkhaniyo pamsika wa Golomoti dzuwa lisanalowe, ndipo miyala inatha. Amayi a mumphakati anachira mutu n'kuyambanso kubwera. Za kukhwima zinaiwalika. Inatsala ndi nkhani ya mkazi amene anakhazikidwa panja pa siwa ya mwamuna wake, ndipo imeneyo a Nangozo sakanaitsutsa.

Usiku umenewo eyiti koloko inakwana, getsi lili duu. Inadutsa hafu, inakwana naini. A Nangozo anadzuka pampando, anaika chala paswichi, n'kudina katatu.

"Ndaswera bwino, mwana wanga," ananong'ona. "Kaya iwe?"

Mpaka lero odutsa mumsewu wa ku Mua amanena kuti getsi la pakhonde pa a Nangozo limaphethira katatu eyiti koloko, ndipo sanama. Kungoti tsopano wodinayo ali mkati mwa nyumba, chala chili paswichi, akudikira kuti liphethire kamodzi kokha.