Tinyerere Tinawerenga Zipsera za Ndaziona

Tinyerere tinalowa m'thupi la Ndaziona ndi jakisoni mmodzi. Tinali timakina tating'ono kuposa fumbi, ndipo pofika chaka cha 2074 zipatala zonse zikuluzikulu zinali nato. Patangopita mphindi khumi, khoma la chipinda cha dokotala linawala n'kuonetsa njira ziwiri zomwe mazira amadutsa popita m'chiberekero. Zonse zinali zotsekeka.

Mwamuna wake, Lingstone Mbewe, anali pampando wapambali, chipewa chili pabondo. Banja lawo linali litatha zaka khumi ndi ziwiri popanda mwana.

"Ndi klamidiya, matenda opatsirana pogonana," anatero Dokotala Nyirongo akuloza khomalo. "Kachilomboka sikatha kuswana pakokha. Kamalowa mu selo ya munthu, n'kudzikuta m'kathumba, n'kumadya za mwini nyumba. Pakatha masiku awiri kapena atatu seloyo imaphulika, tizilombo tambirimbiri n'kulowa m'maselo ena. Thupi likamalimbana nato limadzivulaza lokha. Zipsera zake ndi zimene zatseka njirazi."

"Koma ine sindinamvepo kupweteka," anatero Ndaziona.

"Ambiri samva kanthu, mayi. N'chifukwa chake kamawononga mwakachetechete."

Pakhomapo, tinyerere tinayamba kusenda zipserazo pang'onopang'ono. Lingstone anaimirira.

"Adokotala, ndiye kuti tingabereke?"

"Mungathe ndithu."

Koma makinawo anali ndi luso linanso. Opanga anawapatsa nzeru yoyeza msinkhu wa chipsera, kuti asasende mopitirira, ndipo ntchito ikatha ankanena zonse zimene apeza. Mawu opanda chifundo kapena nkhanza anamveka kuchokera pakhoma: "Zipsera zoyamba zili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kachilombo ka mtundu womwewo kapezekanso mumkodzo wa mwamuna, umene wayezedwa lero."

Dokotala anathamangira kuzimitsa, koma Ndaziona anali atamva kale. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndi pamene Lingstone anabwerako ku Kalahari, komwe anakhala chaka ndi theka akumanga minda ya magetsi a dzuwa. Ndaziona sanadziwepo mwamuna wina. Anakumbukira zitsamba zowawa zimene anamwa, mphini zimene asing'anga anamutema pamimba, ndi apongozi ake akumutcha chumba pamaliro, anthu akumva.

"A Mbewe," anatero motsitsa mawu, "kumene kuja munatani?"

Lingstone anafinya chipewa chake. "Kanali kamodzi kokha, Nangondo."

"Amayi anu akamanditukwana, inu munkangoyang'ana pansi."

"Sindinkadziwa kuti ndatenga matenda."

"Matendawo simunkawadziwa, inde. Koma zimene munachita munkazidziwa."

Onse awiri analandira mankhwala opha kachilomboko. Ndaziona anatuluka yekha n'kukwera basi ya ku Dedza, kwa mkulu wake. Ankhoswe anakumana katatu, Lingstone anagwada n'kupepesa, koma mkaziyo sanabwerere.

Nkhani zotere zinachuluka m'dziko muno. Chaka chisanathe, amuna ena anayamba kuletsa akazi awo kukayezetsa, ndipo akazi ena ankabisa zimene madokotala awauza. Mabenchi a kuchipatala anatsala opanda anthu, kachilomboko kakupitiriza ntchito yake m'makomo. Kenako makina onse anatsekedwa pakamwa kuti azingosenda zipsera basi, koma mantha anali atafika kale patali.

Tsiku limene Dokotala Nyirongo anachotsa mawu m'makina ake, odwala amene anabwera anali awiri okha. Anthu onse ankafuna kuchira, koma si onse anali okonzeka kudziwa.