Dzina la Simeon pa Kabotolo

Tithokoze atabwerako ku esiteti kumene anakaona matenanti odwala, anapeza bokosi lake lozizira lili pabwalo pafupi ndi chigafa, chivindikiro chili poteropo. Apongozi ake, a Fainala, anali chiimire pomwepo atavala bulauzi yoyera ya Mvano, kabotolo kali m'manja.

Tithokoze anali dokotala. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankafufuza tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'matumbo a munthu, kuti adziwe chimene chimatupitsa matumbo a ena mpaka kuchita zilonda zosapola. Ntchitoyo inkafuna kuyeza chimbudzi cha odwala. Ndipo Mulungu, amene njira zake sitizitha, analola kuti nthenda yomweyo igwire mwamuna wake Simeon, amene tsopano anali chigonere m'nyumba ya amayi ake ku Chamama, ataonda ngati phesi.

"Tawerengani apa," anatero a Fainala. "Dzina ili ndi la ndani?"

"Ndi la a Simeon, amayi."

"Nanga m'katimu muli chiyani?"

Tithokoze anazyolika. Si mawu otchula pamaso pa apongozi. "Ndi chimbudzi chawo, amayi. Timayeza kuti tidziwe mankhwala oyenera."

"Ambuye chitireni chifundo!" A Fainala anatembenukira kwa amayi amene ankasoka fodya m'chigafa. "Mwamva nokha? Ine ndakula, sindinaonepo munthu wabwinobwino akutola zakuseri za mnzake, n'kulembapo dzina, n'kusunga. Mwana wanga akutaya magazi chaka chachiwiri chino. Ndimati ndi nthenda, kani munamutsekera m'botolo!"

"Mabotolo ena aja ali kuti, amayi? Analipo makumi anayi."

"Ndawaponya m'dzenje, kwawo komweko. Ndamasula ana a eni ake."

Inali ntchito ya dzinja lonse, koma Tithokoze sanaililire. Anagwada m'fumbi, misozi ili chuchuchu.

"Zatayikazo zitayike, amayi. Koma ndiloleni ndipite ndi a Simeon ku chipatala ku Lilongwe lero lomwe. Magazi awathera. Akatha sabata ina kuno, tiwataya."

"Onani, akulosera ndi maliro omwe!"

Tithokoze anadzuka nathamangira kuchipinda. Simeon anali cheucheu, milomo itayera.

"Amuna anga, auzeni amayi. Kabotolo kaja munandipatsa nokha."

"Ndawauza kawiri, Titho. Akuti ndi mankhwala ako akulankhula mwa ine." Anapumira kaye. "Tandimvera. Ndikakwera galimoto yako, mudzi wonse unena kuti wanditenga kukandimaliza. Ndikakafera kumeneko, abale angawa sadzakusiya wamoyo. Koma ndikafera pano, m'manja mwa amayi, adzati Mulungu watenga."

"Simungafe tikapita!"

"Ungalumbire?"

Tithokoze anatsegula pakamwa. Anakumbukira mayi uja wa m'Malemba amene anachira pongokhudza mphonje ya chovala cha Ambuye, nalakalaka chikhulupiriro chotero. Koma anali dokotala, ndipo anali ataonapo anthu ofika pamenepa. Sanalumbire.

"Waona," anatero Simeon, namugwira dzanja. "Pita kukanali kowala."

Anasiya mapilitsi pamutu pa bedi, ngakhale ankadziwa kumene akathere. Atangotuluka, a Fainala anamuponyera chikwama chake pakhonde, namenyetsa chitseko kuti phwa! Amayi a m'chigafa anaweramira fodya wawo, palibe anamutsazika.

Anatola bokosi lopanda kanthu lija. Kabotolo ka Simeon kanali pansi, kataphwanyika. Anamatula kapepala ka dzina, nakabisa m'chikwama.

Ali pafupi kuliza galimoto, anamva a Fainala m'nyumbamo akuyamba nyimbo, mawu akunjenjemera ndi kulira. Inali yomwe ija anaimba a Mvano pa ukwati wake ndi Simeon, tsiku limene mayi yemweyu anamuvinira mpaka duku kugwa. Tithokoze anangopezeka akuyankha ndi mawu achiwiri, monga ankachitira nawo Lamulungu lililonse.

Anaimba mpaka ndime yomaliza. Chitseko sichinatsegulidwe.