Mayi Ondimeta Aja Ali Kuti?

Anakumana pamalo odikirira basi mvula ikukhuthuka, mnyamatayo telala wamanyazi, mtsikanayo atanyowa ngati nkhuku. Telala anamufunditsa jekete lake nati, "Duwa langa, nkhope iyi ndidzapita nayo kumanda."

Kulonjeza sikutopetsa pakamwa! Atakalamba, Atelala anagwidwa ndi matenda oiwalaiwala. Anaiwala sizasi, anaiwala ana, mapeto ake anaiwala ndi mkazi wawo Duwa yemwe. M'mutu mwawo munangotsala mtsikana wonyowa uja.

M'mawa uliwonse Duwa akamawameta ndevu, ankamuyang'ana mwaulemu.

"Zikomo mayi. Mkazi wanga simunamuoneko? Ndi kamtsikana kosalala masaya."

"Ndi ineyo, bambo."

"Aaa, musandiseke! Ndi makwinya onsewa?" Ankatero uku akuseka, atamugwira dzanja osafuna kulisiya.

Foni yokha ankaidziwabe. Uthenga unkalira m'thumba la Duwa ali chiimire pambali pa bedi: "Duwa langa, ubwera liti? Ndakusowa." Ndani angapirire kusowedwa ndi munthu amene akukuyang'ana?

Duwa anagulitsa makina osokera kuti apite kwa dokotala wokonza nkhope. Mwana wake wamkazi anayesa kumuletsa.

"Amayi, odwala ndi abambo. Mpeni ukufunanji pankhope panu?"

"Andizindikire kamodzi kokha, mwana wanga. Kamodzi kokha!"

Dokotala anamucheka kuseri kwa makutu, nakoka khungu, nasoka. Duwa anabisala kwa mng'ono wake mpaka kutupa kutatha. Anabwerera nkhope ili see ngati mbale, yokungika moti kumwetulira kunkapweteka. Analowa kuchipinda atavala jekete lakale lija.

"Ndabwera, bambo. Ndine Duwa wanu."

Atelala anamuyang'anitsitsa, nakokera bulangete pachifuwa.

"Pepani, sindikukudziwani. Mayi ondimeta aja ali kuti?"

Anakana kumetedwa, anakana ndi chakudya chomwe. Tsiku lonse maso ali kukhomo. Madzulo Duwa akutsuka makapu, foni inalira.

"Duwa langa, undikhululukire, ndakulakwira. Wachedwa kubwera, ndiye mtima wanga wagwa mwa mayi wina. Ndi wachikulire, akaseka makwinya amazungulira maso ake, ine mtima myaa! Ndimati ndimuuze, koma wachoka osatsanzika. Ukamuona, chonde umuuze abwere."

Duwa anathamangira pagalasi misozi ili chuchuchu. Anatsina masaya, anafinya chipumi ndi zala zonse kuti mwina khwinya limodzi libwerere. Khungu linakana.