Liwu Limodzi Papepala la Khoti

Kuzizira kwa ku South Bend, ku Amereka, mu Novembala sikufunsa kuti kwanu n'kuti. Tsiku limenelo kunam'peza Vainess ataima pa siteji ya basi m'tauni, atangoweruka ku ntchito yake yosamalira okalamba, foni ili kukhutu.

"Amama, kuno ndiye ngati m'firiji! Zala zangazi sindikuzimva n'komwe," ankadandaula motero kwa mayi ake a ku Ntcheu.

Atangodula foni, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Pepani achemwali, ndamva Chichewa ndiye miyendo yakana kupitirira. Ndine Mervin. Galimoto yanga ili apo, ndikudropeni?"

Vainess anacheuka. Anali mwamuna wamtali, wa jekete yakuda, womwetulira ngati amene sanalakwirepo munthu chibadwire.

"Zikomo achimwene, basi ikubwera."

"Basi ibwera, inde. Koma munthu wokongola chonchi n'kumauma ndi mphepo ine ndikuona? Kumwamba ndikayankha chiyani?"

Vainess anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunam'gulitsa. Anakwera.

Mervin ankakonza makompyuta pachipatala china mumzindamo. Pakamwa pake panali pothira shuga, ndipo foni ya Vainess sinapumenso.

"Wadzuka bwanji duwa langa la ku Ntcheu? Dzuwa lakana kutuluka, likuti liyambe laona iwe."

"Mtima wanga, wadya? Ukapanda kudya iwe, njala imandipweteka ine."

Ndani akanalimba? Mtsikana amene kwa zaka ziwiri ankangodziwa ntchito, tchalitchi ndi chipinda chake, tsopano ankaseka yekha m'khonde la kuntchito mpaka agogo achizungu amene ankawasamalira anayamba kumufunsa dzina la mnyamatayo.

Chinthu chimodzi Mervin sanabise, kapena tinene kuti anachibisa pochiulula.

"Vai, ndisakunamize. Ndinakwatirapo. Dzina lake ndi Evelina, amakhala ku Indianapolis. Koma banja lija linafa kalekale, nkhani ili kukhoti. Ndikungodikira ajaji."

"Nanga Loweruka lililonse umakatani ku Indianapolis?"

"Ganyu, wokondedwa. Ndikufuna ndidzakumangire nyumba yoti anzako azidzachita kuloza ndi chala."

Amalawi a ku South Bend ankadziwadi kuti nkhani ya Mervin inalowa m'khoti. Mmene inkayendera, aliyense ankamvera kwa mwini wake.

Pa 14 Febuluwale 2017, Mervin anam'tengera Vainess kumalo odyera a m'mbali mwa mtsinje. Asanaitanitse chakudya anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha pepala la khoti. Pamwamba panali mayina awiri, la Mervin ndi la Evelina. Pansi panali liwu limodzi la zilembo zikuluzikulu: DISMISSED.

"Werenga wekha, mtima wanga. Zatha!"

Vainess Chingerezi ankachidziwa. Kusukulu aphunzitsi akanena liwu limeneli, ana ankanyamula zikwama n'kumapita kwawo. Kuntchito munthu akauzidwa liwu limeneli, ndiye kuti ntchito yatha. Nanga banja likalembedwa liwu lomwelo, lingakhalenso banja?

Anakweza maso, n'kupeza Mervin atagwada kale, mphete ili m'manja.

"Vainess, ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, iwe ndiwe woyamba m'mtima mwanga ndipo ndiwe wotsiriza. Undilola?"

"Eya! Eya, Mervin!"

Azungu a patebulo loyandikana anawomba m'manja. Vainess analira misozi yachimwemwe mpaka mafuta a kumaso anachoka.

Zinthu zinayamba kuthamanga. Amayi ake ku Ntcheu analulutira pafoni mpaka mawu kusasa. Amalume ake, a Edmond, anavomera kukhala nkhoswe ndipo anayamba kale kuuza mudzi wonse kuti mwana wa mlongo wawo wapeza banja ku Amereka. Tsiku la ukwati linaikidwa mu Juni. Azimayi a kutchalitchi anasankha nsalu, diresi linapita kwa telala.

Chinatsala n'chimodzi, laisensi ya ukwati. Vainess ataimba foni ku ofesi ya kaunti, ndiko kuti boma la deralo, anamuuza kuti popeza mwamunayo anakwatirapo, abwere ndi pepala la chigamulo cha ajaji losonyeza tsiku limene banja loyambalo linatha.

"Aaa, kapepala kameneko? Ndikakatenga Loweruka," anatero Mervin.

Loweruka linadutsa.

"Ndinapeza atatseka, bebi. Sabata yamawa."

Sabata yamawayo inabala sabata ina, mpaka Epulo anatsala pang'ono kutha. Vainess sanakayike kanthu, chikondi chinali chitam'manga nsalu kumaso. Anangoti mwamuna wake watanganidwa, ndipo mkazi wabwino amathandiza. Lachinayi lina ali pa ofu, anabwereka galimoto ya mnzake n'kuuyamba ulendo wa maola awiri ndi theka wopita ku Indianapolis, osamuuza Mervin. Ankafuna adzam'dzidzimutse ndi pepala m'manja. Njira yonse ankaimba nyimbo za kwaya.

Ku ofesi ya kalaliki wa khoti la kaunti ya Marion anapeza mzere waufupi. Pawindo panali mayi wachikulire wa magalasi, baji yake yolembedwa kuti Joan. Vainess anapereka mayina awiri aja ndi nambala ya mlandu imene anaikopera pachithunzi chija, chimene Mervin anam'tumizira pafoni.

Mayiyo anagogoda pakompyuta, n'kuyang'ana Vainess pamwamba pa magalasi.

"Mukufuna pepala liti kwenikweni?" anafunsa m'Chingerezi.

"La chigamulo chothetsa banja. Tikukwatirana mu Juni," anayankha Vainess, akuonetsa mphete.

Joan anayang'ananso pakompyuta.

"Mwana wanga, pamlandu uwu palibe chigamulo chotero."

"Chilipo, mayi! Taonani, alemba apa kuti dismissed."

"Inde. Chimene chinathetsedwa ndi mlandu, osati banja. Bamboyu anabweretsa pempho loti banja lithe mu Ogasiti chaka chatha. Kenako iye ndi mkazi wake analemba kuti agwirizananso, ndipo anapempha khoti kuti liiwale nkhaniyo. Ajaji anavomera. Anthuwa ndi mwamuna ndi mkazi wake mpaka lero."

Vainess anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana.

"Mwina... mwina pali mlandu wina? Tafufuzaninso, chonde!"

Joan anafufuza kawiri, ngakhalenso m'makaunti ena. Panalibe. Anasindikiza mapepala atatu n'kumupatsira pansi pa galasi.

Vainess anakhala pabenchi n'kuwerenga. Siginecha ya Mervin anaidziwa msanga, ija ya M wamchira wautali amene ankamulembera pamakadi. Pambali pake panali ya Evelina. Tsiku losainira linali 10 Febuluwale, ndipo ajaji anadinda pa 13.

Pa 13! Ndiye kuti munthu anatenga pepala lotsimikiza kuti wabwererana ndi mkazi wake, n'kulijambula, m'mawa mwake n'kukagwada nalo pamaso pa mkazi wina? Mtima wotani umenewo? Ndipo iye Vainess, ndi sukulu yake yonse, anawerenga yekha bodzalo n'kuliwombera m'manja!

Foni inanjenjemera m'chikwama. Unali uthenga wa Mervin.

"Duwa langa, ndakumisa. Ukutani pa ofu yako? Usatope, mkwatibwi wanga."

Sanayankhe. Papepala lachiwiri panali adiresi ya ku Lawrence, kumpoto chakum'mawa kwa mzindawo. Nzeru zinkamuuza kuti abwerere kwawo, koma mtima wopwetekedwa sumva malangizo. Patatha mphindi makumi awiri anali ataima pakhomo la nyumba ya njerwa zofiira, akudina belu.

Anatsegula mayi wooneka wotopa, atavala yunifolomu ya unesi, chitenje chili m'chiuno.

"Odi, mayi. Ndinu a Evelina?"

Nkhope ya mayiyo inawala atamva Chichewa.

"Eee, ndine! Lowani, lowani asisi. Mwachokera kuti? Pepani m'nyumba simunakonzedwe, ndangofika kumene."

Ulemu umenewo unamulasa Vainess kuposa chipongwe. Pakhoma la pabalaza panali chithunzi chachikulu: Mervin, Evelina ndi kamtsikana ka zaka ngati zisanu, onse atavala zofanana.

"Ndachokera ku South Bend. Dzina langa ndi Vainess."

"Ku South Bend? Ndiye mukuwadziwa bambo a Shalom! Amagwira ntchito konko, amabwera Lachisanu. Kodi ali bwino? Chachitika n'chiyani?"

Bambo a Shalom. Miyezi isanu ndi umodzi ya "duwa langa", ndipo dzina la mwanayo linali lisanatulukepo pakamwa pa Mervin ngakhale kamodzi.

Vainess anaika mapepala a khoti patebulo, pambali pake n'kuikapo foni yake, mauthenga onse ali poyera. Kenako anatambasula dzanja lamanzere.

Evelina anayang'ana mpheteyo, n'kutenga foni. Anawerenga ataimirira, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono. Chala chake chinkangotsetsereka pagalasi.

"Ukapanda kudya iwe, njala imandipweteka ine," anawerenga mokweza, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ngakhale mawu sanasinthe. Awa anandiuza ine ku Zomba, ndili ku koleji."

"Mayi, ndikulumbira, sindinkadziwa! Anandionetsa pepala ili, anati banja linatha. Ukwati wathu ndi wa mu Juni. Amayi anga auza kale anthu..."

Mawu anathera m'misozi. Vainess ankayembekeza mbama, kapena kukuwiridwa kuti wakuba amuna a eni. Koma Evelina anangokhala, maso ali papepala.

"Mukudziwa mmene ndinasainira apa?" anafunsa motsitsa. "Anabwera ndi abusa ndi ankhoswe pafoni. Anagwada pomwe mwakhalapo, akulira ngati mwana. Anati, 'Eve, ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, iwe ndiwe woyamba ndipo ndiwe wotsiriza.' Achibale anga onse anati ndipirire, banja ndi kupirira. Ine n'kupirira."

Foni ija inalira m'manja mwa Evelina. Pagalasi panatuluka dzina limene Vainess analisunga: Mtima Wanga. Azimayi awiriwo anayang'anana. Evelina anadina kuti onse amve.

"Bebi, bwanji sukundiyankha? Ukufuna ndife ndi nkhawa? Uli kuti, duwa langa?"

"Ali kuno kunyumba, bambo a Shalom," anatero Evelina. "Akumwa madzi pabalaza panu."

Munthu wa pakamwa pa shuga uja anayamba kuchita chibwibwi.

"Eve... Vai... tamverani, ndikhoza kufotokoza. Si mmene mukuganizira..."

"Mervin, dismissed amatanthauza chiyani?" anafunsa Vainess. "Ndiuze wekha!"

"Ndimafuna kukuuza, mtima wanga, ndimangodikira nthawi yabwino..."

"Mtima wanga uti?" anafunsa Evelina. "Tilipo awiri kuno."

Foni inaduka. Mapanga awiri avumbwitsa, akulu sananame.

Vainess anavula mphete n'kuiika pamwamba pa mapepala aja. Chala chinatsala ndi kamzere koyera. Ankaganiza za amayi ake, za amalume a Edmond, za azimayi a nsalu zofanana. Adzawauza chiyani? Kuti mwamuna anali ndi mkazi? Kapena kuti iye, mwana wawo wophunzira, anagwa ndi liwu limodzi?

Evelina anaimirira, anamasula chitenje n'kuchipinda bwinobwino. Anatenga chikwama chake ndi makiyi.

"Asisi, kukhoti mwachokerako amatseka nthawi yanji?"

"Hafu folo, ndikuganiza."

"Nthawi ilipo. Ulendo wathawu anakafayila mlanduwo ndi iyeyo, n'chifukwa chake anatha kukachotsa. Lero ndikafayila ndine, ndipo palibe m'busa amene adzandisainitse chilichonse. Mundiperekeza? Ine windo lake sindikulidziwa."

Anabwerera limodzi, wina kutsogolo wina pambuyo, aliyense akulira m'galimoto yake. Joan anawaona awiriwo pawindo. Anatulutsa mafomu a pempho lothetsa banja, n'kufotokoza kuti pakadutsa masiku osachepera makumi asanu ndi limodzi ajaji akhoza kupereka chigamulo.

Vainess anawerengera m'mutu. Masiku amenewo ankathera kumapeto kwa Juni, sabata yomweyo imene anayenera kuvala diresi loyera.

Evelina anasaina, n'kutembenukira kwa iye, maso ali ofiira.

"Pepala munabwerera lija lidzatuluka, asisi. Likatuluka ndikutumizireni?"

Vainess anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Ayi, mayi. Limenelo musunge ndinu. Ine ndilibenso munthu wokwatirana naye."