Mwini Phale Anabwera Yekha

Ine Samueli ndimagulitsa usipa, sukulu sindinapite nayo patali. Wanzeru kwathu ndi Eveles, mwana wa mlongo wanga. Chaka chomwe nyanja inasefukira n'kugumula gombe lathu kuno ku Salima, iye anatola phale la mbiya yakalekale n'kulitumiza kunja kwa dziko kuti akaliyeze.

Akuti kumeneko kuli makina otchedwa sinkulotironi, ozungulira, aakulu kuposa bwalo la mpira. Amatulutsa kuwala kwa ekisire kwamphamvu zedi. Akawalitsa phale, amaona mmene chitsulo cha m'dongo chikumwera kuwalako, n'kudziwa mmene mbiyayo inawotchedwera. Eveles anadikira chaka ndi theka kuti apeze mpata. Anamupatsa usiku umodzi wokha woti ayendetse makinawo pa laputopu. Akanauphonya, digiri yake ikanadikira chaka china.

Vuto linali netiweki. Kwathu imagwira pa chulu chimodzi chokha, m'mphepete mwa manda akale.

"Amalume, mundiperekeze," anatero titadya mgonero.

Ine ndine wamantha, sindibisa. Komabe ndinapita, nditanyamula chikwanje ngati kuti mizimu imaopa chikwanje.

Zinayamba bwino. Timizere tinkakwera pa laputopu, Eveles akuimba chamumtima. Itakwana wani koloko, netiweki inangoti zii. Eveles anakweza foni m'mwamba kusaka netiweki, anaimirira, anakhalanso. Misozi inayamba kulengeza.

"Zikomo kuno."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwathu. Pansi panali masamba ouma okhaokha, koma sitinamve mtswatswa. Anali mayi wachikulire, wamfupi, manja ali dongo mpaka m'zigongono. Chikwanje changa chinagwa chokha.

Eveles anagwada n'kufotokoza zonse, za makina ndi za phale lomwe. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Phale mpaka kukwera ndege! Ana inu, bwanji osangofunsa? Moto uli pafupi kuzima ndinaukwirira ndi masamba aawisi kuti mbiya ide. Tasendera uko iwe, wandikhalira pamalo."

Eveles anasendera. Nthawi yomweyo netiweki inabwera yonse, timizere tinayambanso kukwera.

"Koma phalelo mubweze," anatero mayiwo. "Ndimakazingira mtedza."

Ndinacheuka kuti ndiwathokoze. Panalibe munthu. Pa chivundikiro cha laputopu panali chidindo cha chala, cha dongo lonyowa.

Kunja kukuyera, zotsatira zinatuluka. Chitsulo chija chinaonetsa kuti mbiyayo inapsa mpweya uli wochepa, moto utakwiriridwa. Eveles analumpha n'kuliza nthungululu, ine ndinavina. Asodzi ochokera kunyanja anatipeza choncho, tikuvina pafupi ndi manda m'mamawa. Mpaka lero ena akagula usipa wanga amayamba aununkhiza.

Eveles anakhoza, ndipo ndine wonyada kwambiri. Pano ali ku Lilongwe, amagona tulo tabwino. Anthu amanong'ona kuti pa chulu paja kale pankakhala mayi woumba mbiya, wosachedwa kulusa munthu akamubwereka chinthu osabweza. Azungu a kumakina kuja akuti phale analitumiza kale, likubwera.

Koma amene amakhala pafupi ndi chulu ndine. Usiku uliwonse, ndikangozimitsa nyale, ndimamva pakhomo:

"Zikomo kuno."

Ndimafunda bulangeti mpaka kumutu n'kuyankha mwaulemu: "Lili m'njira, mayi. Mtedzawo muyambe mwasenda."