Koseti ya Dona wa ku Area 3

Dzulo ndinadutsa pa Msika wa Tsoka. Pa benchi ya kaunjika panapachikidwa malamba akuda a mphira, atsikana akuwayesa uku akuseka, ati amachepetsa mimba. Ndinaima kaye. Lamba woyamba wotere amene ndinamuona ine sanali wa mphira. Anali wa nsalu yolimba ngati ya tenti, tizitsulo mkati, zingwe kumsana. Ankati koseti. Mwini wake anali dona wina wokalamba wa ku Area 3, ndipo womumanga anali malemu mkazi wanga, Alinesi.

Munali mu 1974, nditangobwerako ku Salisbury kumene ndinakhalitsa. Ndinapeza ukalaliki ku City Centre, maofesi akungomangidwa kumene. Alinesi ankagwira ntchito kwa donayo. M'mawa uliwonse dona ankaliza kabelu, n'kugwira mutu wa bedi. Alinesi ankamutsamiza bondo kumsana n'kumakoka zingwe. Chichewa chonse cha dona chinali liwu limodzi: "Koka!"

"Munthu uja alibe mpweya," Alinesi ankandiuza. "Kungokwera masitepe a pakhonde, wakomoka. Kudya kabuledi, pamtima pakutentha. Nthiti zinapindikira mkati. Ukamumasula sangakhale tsonga, msana unafooka kalekale."

Dona anamwalira nyengo ya mvula. Abale ake anagawira antchito zovala tsiku la maliro lomwelo, zosachapa, osadikira kumeta ngati kwathu. Koseti inagwera Alinesi. Anangoiponya m'sutikesi.

Atabadwa mwana wathu Reinford, azimayi anamuuza kuti azimanga mimba ndi chitenje kuti ibwerere. Chitenje chinkangomasuka. Ndiye anakumbukira za m'sutikesi zija.

"Bambo a Reinford, ndimangeni, koma pang'ono. Ine si dona."

Ndinamanga mofewa, chala chikulowa bwinobwino.

Tinkakhala ku Old Town, kuseri kwa shopu ya telala wina, a Sumaila. Kumzikiti anali atangoitana pemphero lomaliza. Nyali ikuyaka, Alinesi akuyamwitsa, ine ndikupukuta nsapato.

Kenako kabelu. Ngili, ngili. Sikanali ka njinga.

Alinesi anadzutsa mutu. M'nyumba munalowa fungo la paudala. Pachitseko panamveka kugogoda, koma mmunsi, cha m'mawondo, ngati wogogodayo wapindika.

"Ndani?" ndinafunsa.



Mawu anamveka, osati panja, koma kumsana kwa mkazi wanga.

"Koka."

Ndinaziona ndi maso angawa. Zingwe zinayamba kuyenda zokha m'timabowo, kuyambira mmwamba kutsika. Nsalu inalira. Alinesi anandipatsira mwana, maso atatuluka. Ndinamugoneka pamphasa n'kulimbana ndi mfundo. Inali gwa ngati mwala, yozizira.

"Koka."

Milomo yake inayamba kuda. "Sizasi," ananong'ona.

Ndinamenya khoma. "A Sumaila! Sizasi, msanga!"

Anabwera ndi sizasi yawo yaikulu, koma anangoima pakhomo, osalowa.

"Achimwene," anatero motsitsa, "kumbuyo kwa alamu kuli munthu."

Ine ndinalibe mphamvu zocheukira. Alinesi ndiye anadzuka. Anagwira khoma, kudzikoka mpaka pakhomo, n'kuwalanda sizasi m'manja. Anailowetsa m'mbali, pakati pa tizitsulo, mpaka kudzicheka khungu. Mpweya wotsala uja sanaugwiritse ntchito kukuwa. Anaugwiritsa ntchito kuyankha.

"Dona! Ntchito inatha! Mimba iyi ndi yanga, mwatuluka munthu. Simuikoka!"

Nsalu inang'ambika, phwee! Koseti inagwa pansi ikugwedera. Anainyamula ndi sizasi yomweyo n'kuiponya kunja. Anakhala pansi, kupuma kwambiri, n'kunyamula mwana kupitiriza kuyamwitsa, magazi akutsika m'nthiti.

Kutacha tinaipeza pakhonde itaima chilili. Zingwe zomangika bwino, chiuno chake chochepa ngati mkono wanga, mkati mopanda kanthu.

Anthu anadzaza. Ankanong'onezana kuti dona anamuika m'manda osam'manga, ndiye sangathe kuimirira kuti ayende ulendo wa akufa. Sanabwere kudzapha, ati, anabwera kudzamangidwa. Akuluakulu anam'pempha Alinesi kuti akaisiye pamanda n'kupepesa. Inenso, kunena zoona, ndinaona ngati nzeru.

"Ndipepese chani?" anatero. "Ndinam'manga ali moyo, manja anga mpaka matuza. Akufa azimangana okha."

Anathira parafini anthu akuona. Nsalu inapsa, tizitsulo tinatsala. Anatitola n'kukatiponya mu mtsinje wa Lilongwe.

Kabelu sikanaleke msanga. Kankalira kunja kukangoda, nthawi zina pazenera, nthawi zina pansi pa bedi. Ine tsitsi linkaima. Alinesi sankacheuka n'komwe. Ankangoti, "Kulibe wantchito kuno," n'kupitiriza zimene akuchita. Sindikudziwa tsiku limene kanasiya. Nthiti ziwiri zimene koseti inafinya usiku uja zinkamuwawa nyengo yozizira iliyonse mpaka tsiku limene ndinamuika.

Lero ndikumva ena akuifotokoza nkhaniyi, ati mayiyo anakomoka, amuna ndiye anamupulumutsa. Bodza. Amuna tinalipo awiri, koma palibe amene anadula. A Sumaila anapita, ine maso akutha. Ndikupempha wodziwa kulemba mabuku ailembe bwino nkhaniyi ndisanatsatire. Alembe kuti dzina lake linali Alinesi, kuti anadula yekha, ndipo sanapepese.