Timabowo Titatu pa Chiuno cha Seul-gi

Pyo Seul-gi anatsitsa lamba pang'ono m'chipinda chosinthiramo zovala, anzake a timu ya masewera omenyana a taekwondo n'kusuzumira. Pachiuno pake panali tizipsera titatu tochepa ngati nyemba.

"Basi timeneti?" anatero Ha-rin, mtsikana amene analowa m'malo mwake m'timumo. "Ine ndimayesa anakutumbula ngati nsomba. Apa unangolumidwa ndi udzudzu, iwe n'kumagona miyezi yonseyi!"

Onse anaseka. Seul-gi anasekanso, koma mtima ukuwawa.

Kudzera m'timabowo timeneto, adokotala a mumzinda wa Daegu anapala fupa limene linkamupana akakweza mwendo, n'kusoka mnofu umene unang'ambika m'kati. Atamulandanso ndodo zoyendera anamuchenjeza kuti, "Kunjaku kwapola, koma m'katimu mudakali mwauwisi. Usaponye theche mpaka ine nditanena."

Koma mpikisano wa chigawo unali pafupi, ndipo kumeneko n'kumene makoleji ankabwera kudzasankha osewera. Choncho anzake akapita kukadya masana, Seul-gi ankazembera m'holo n'kumamenya yekha thumba lolendewera lophunzirira mateche. Poyamba zinkayenda. Kenako tsiku lina anamva kuti "kwe!" m'chiuno, ngati chitseko chadzimbiri. Anaima, namvetsera. Ululu unali wochepa, koma sunachoke.

Kuyambira pamenepo unkamudikirira paliponse: pamasitepe a sukulu, pampando wa m'basi, podzuka m'mawa. Mayi ake ankamuyang'anitsitsa pomupatsa msuzi wa mafupa a ng'ombe.

"Mwanawe, ukukhaliranji chopendekeka?"

"Ndi mpandowu, Amayi."

Aphunzitsi Bang, mkulu wa timu, nawonso anamufunsa ataona dzina lake pakati pa ofuna kupikisana. "Adokotala akuloleza?"

"Eya, Aphunzitsi," anayankha atawerama. Bodzalo linatuluka mosavuta moti iye mwini anachita nalo mantha.

Tsiku losankha osewera opita kumpikisanowo kunja kunali mdima wa mvula, mphepo ikugwedeza mazenera a holo. Seul-gi anamuika kuti amenyane ndi Ha-rin. Ataweramirana mwaulemu, Ha-rin anamunong'oneza, nthabwala zonse zitatha.

"Iwe, milomo yako yatuwa. Tisiye."

"Ukuopa?"

Seul-gi anazungulira n'kuponya mwendo m'mwamba, kulunjika kumutu. Linali theche lake lotchuka, limene linkaimiritsa anthu m'mipando. Mwendo unakwera ndithu, koma uli m'mwambamo china chake chinaduka m'kati. Anagwa cham'mbali. Sanalire. Anangomva holo yonse yati zii, mapazi a Aphunzitsi Bang akuthamangira kwa iye.

Kuchipatala adokotala anayang'ana chithunzi cha chiuno chake nthawi yaitali. Sanamukalipire, ndipo Seul-gi anaona kuti bola akanamukalipira.

"Zosoka zija zaphwasuka, ndipo mnofu wang'ambika kuposa kale," anatero pomaliza. "Tiloweranso pomwe paja."

"Koma ndidzamenyanso, eti adokotala?"

"Ukanadikira, ndikanakuyankha kuti inde mosakayika. Pano tiyambe taona ngati uzidzatha kukwera masitepe popanda ululu."

Atatuluka, Seul-gi anakhala pabenchi m'khonde kuti avale nsapato. Anawerama, koma chiuno chinakana. Zala zake zinalekezera m'mawondo. Anayesanso, misozi n'kulengeza. Mayi ake, amene anamuperekeza kuchipatalako, anaika chikwama pansi, nagwada pasimenti yozizirayo pamaso pa anthu onse odutsa, n'kuyamba kumuveka nsapato ndi kumumangira zingwe monga ankachitira ali kamwana. Seul-gi anaona imvi pamutu pawo zimene anali asanazionepo.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "sunali mpando."

"Ndimadziwa," anayankha mayi ake, osadzutsa mutu. "Bweretsa phazi linalo."